Kodi kuyang'anira malole a zinyalala ndi ntchito yoti munthu n'kukalamba nayo?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mufakose, mu Harare, muno mu Zimbabwe. Mwiniwake wapempha kuti dzina lake ndisalitchule, ndipo ndaifupikitsa pang'ono.

"Bambo, ndili ndi zaka 28. Ndine makaniko wa dizilo, ndinakhoza trade test ya Class 1 zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimagwira pa galaja ina ku Gazaland. Ndaona kuti kukufunika munthu wothandiza kuyang'anira malole ndi makina ku nthambi ina yotolera zinyalala. Mtima wanga ukufuna, koma mayi akukana. Akuti agogo anachoka ku Dedza kudzanyamula mabini mu Salisbury, Harare wa lero, anthu n'kumawaseka kuti madhodhabhini, ndiye iwo sanavutike kundiphunzitsa kuti ndibwerere komweko. Anzanga nawo akuti kumeneko malipiro amachedwa, ndipo ukalowako umatulukako ndi mlandu wa dizilo. Kodi ntchitoyi ili ndi tsogolo? Pakufunika mapepala anji? Ine ndine wa sipanala, za mu ofesi sindizidziwa."

Mwana wanga, khazika mtima pansi. Ntchitoyi ndi ntchito ndithu, ndipo ine amene ndikulemba pano ndadya nsima yake zaka zoposa makumi awiri, kuyambira pansi pa lole mpaka pa tebulo losayinira mapepala. Ana anga onse aphunzira ndi ndalama ya fungo lomwelo. Komabe anzakowo sananame zonse, ndipo mayi ako ali ndi chifukwa chawo, choncho ndisakunamize kuti zonse ndi uchi.

Mawu aja a madhodhabhini tonse tinakula tikuwamva, limodzi ndi aja a mabhurandaya, onyozera ochokera ku Malawi. Amene anawamva akunenedwa kwa bambo ake omubala sangawaiwale, n'chifukwa chake mayi ako usakangane nawo. Koma uwakumbutse mofatsa za zaka za 2008 ndi 2009, pamene kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndi za September 2018 pamene inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro. Madzi oipa ndi mapaipi a suweji ophulika ndiwo anali patsogolo, inde, koma aliyense wokhala m'makomboni akudziwa zomwe zimachitika lole ikapanda kubwera masabata atatu: mulu pa kona iliyonse, ngalande zotsekeka, ntchentche pa tomato wa pamsika. Agogo ako anali mpanda pakati pa tawuni ndi manda, kungoti palibe amene anawauza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Ku galaja kwanu tsiku limayesedwa ndi galimoto zimene mwakonza. Kuno limayesedwa ndi funso limodzi, lofunsidwa m'mamawa dzuwa lisanatuluke: malole angati atuluka pageti? Ngati m'buku muli malole 20 koma atuluka 12, ndiye kuti uli pa 60 peresenti, ndipo madera asanu ndi atatu agona ndi zinyalala zawo. Khansala wa dera akaimbira bwana wako, bwana wako akuimbira iweyo. Sakufunsa ngati pampu unaimanga bwino. Akufunsa kuti lole ija ili kuti. Chilichonse chimene ndinene pansipa chikuchokera pa funso limenelo.

Makaniko wabwino amasangalala galimoto yovuta ikamubwerera, chifukwa ndi pamene luso lake limaonekera. Woyang'anira malole wabwino amasangalala ikapanda kubwera n'komwe. Kusintha maganizo kumeneku ndi kumene kunandivuta ine koposa. Chaka changa choyamba pa udindo ndinkathawa tebulo n'kukalowa pansi pa lole, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinkadzimva kuti ndine munthu. Tsiku lina ndikutuluka pansipo, manja ali bii, ndinapeza malole atatu aima pabwalo chifukwa palibe amene anaitanitsa mafyuluta. Woitanitsayo amayenera kukhala ine.

Lole ya zinyalala si lole wamba, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene amakaniko ochokera ku malole a mtunda wautali amapunthwa. Lole yopita ku Beitbridge imathamanga maola ambiri pa giya imodzi, injini ikupuma bwino. Kompakita, ija yopsinja zinyalala kumbuyo, imayenda mamita makumi awiri, kuima, kupsinja, kuyendanso, tsiku lonse. Mabuleki ndi kilatchi zimatha msanga. Injini imabangula lole itaima, chifukwa PTO, chipangizo chotenga mphamvu ku injini, ikuzunguza pampu ya hayidiroliki. Ndiye ukamawerengera sevisi pa makilomita, monga unazolowera, upha injini, pakuti makilomita ndi ochepa koma maola ndi ambiri. Werengera maola. Makina akuluakulu ambiri, katapila ndi loda za kudzala, amasinthidwa oyilo wa injini pa maola 250 kapena 500 malinga ndi buku la wopanga, ndipo kumalo a fumbi ngati kudzala ine ndinkatsata nambala yaing'onoyo. Mita ya maola ikafa, ikonze tsiku lomwelo, ngakhale ioneke ngati kanthu kachabe.

Kenako pali madzi aja akuda otuluka m'zinyalala zikapsinjidwa. Amadya chitsulo. Lole yosatsukidwa madzulo, pansi pa bodi yake pamaboola zaka zochepa chabe, mawaya a magetsi akumbuyo amawola, mapini amagwirana. Paipi ya madzi ndi gilisi ndizo zida zotchipa kuposa zonse pa depoti, ndiponso ndizo zimanyozedwa kuposa zonse. Ndinaonapo lole zogulidwa tsiku limodzi, ina ikugwirabe ntchito patatha zaka khumi, inzake ili pa njerwa chaka chachinayi. Kusiyana kwake kunali dalaivala amene ankatsuka ndi kuthira gilisi asanaweruke.

Zinyalala zathu nazo n'zosiyana ndi za kumene malolewa amapangidwa. Kumeneko bini imadzaza mapepala ndi mapulasitiki, zopepuka. Kuno muli makoko a chimanga, nsima yotsala, masamba owola, mchenga wosesa pabwalo, zidutswa za njerwa, ndi phulusa, nthawi zina lamoto. Pita ku Mbare Musika mu January mvula ili mkati ukaone kulemera kwa kabichi wowola wonyowa. Lole imalemera kupitirira muyezo isanadzaze n'komwe, masipuling'i amathyoka, matayala amaphulika m'maenje a msewu. Dalaivala amaona malo otsala m'bodi n'kumapakirabe. Wodziwa ntchito amayang'ana mapepala a sikelo ya kudzala tsiku ndi tsiku, n'kudula njira ya lole yolemerayo kuti itaye kawiri m'malo mwa kamodzi. Phulusa lamoto lija likakumana ndi mapulasitiki m'bodi, moto umayamba mkati mosaoneka. Madalaivala ako adziwiretu chochita: kufuna malo opanda nyumba ndi mawaya, kukhuthula katundu yense pansi, kenako kuzimitsa. Kutaya katundu kuli bwino kusiyana ndi kutaya lole. Za moto wa kudzala sindichita kukuuza, utsi wa ku Pomona wa mu 2016 unauona wekha.

Matenda aakulu a ntchitoyi m'dziko muno ndi kudyana kwa malole. Lole A yafa pampu, masipeya kulibe. Lole B yafa sitata. Folomani akuti chotsani sitata ya A muike pa B, bola imodzi ituluke. Tsiku limenelo aliyense amamuyamikira. Mwezi wotsatira A yachotsedwa alitaneta, kenako matayala, kenako magalasi, ndipo pakutha pa chaka lole imene inkangofuna pampu yasanduka chigoba, nkhuku zikuikiramo. Sindikuuza kuti usadzachite konse, chifukwa udzachita, tonse tinachita. Koma chotsa ndi pepala: chachotsedwa chiyani, tsiku liti, chapita pa lole iti, wasayina ndani, ndipo cholowa m'malo chaitanitsidwa liti. Popanda pepalalo, odita akadzabwera sadzaona lole B imene inatumikira anthu. Adzaona lole A yobedwa ziwalo, ndi dzina lako pamwamba.

Chimene chimabala kudyanako ndi kuchedwa kwa kugula. Ku Gazaland paipi ikaphulika umatuma mnyamata ku Kaguvi Street, pofika masana galimoto yatuluka. M'mabungwe a boma ndi m'makhonsolo ndalama ndi ya anthu, ndiye kugula kumatsata lamulo la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma, limene bungwe la boma la PRAZ limayang'anira: pempho lolembedwa, makoteshoni, wogulitsa wolembetsedwa, masiginecha angapo, ndipo zikakhala zazikulu, tenda. Kachipangizo ka madola makumi atatu kangathe kuimitsa lole masabata. Onjezapo kuti masipeya ambiri amachokera kunja ndipo wogulitsa amafuna ndalama ya ku America pamene bungwe lako mwina likulipira mu ZiG, ndalama ya dziko lino. Ukhoza kukwiya nazo, ambiri amakwiya mpaka kupuma pantchito, koma wochenjera amaphunzira lamulolo n'kumaliyendera patsogolo. Ngati buku lako likuonetsa kuti chaka chatha munatha mapaipi akutiakuti ndi ma brake lining akutiakuti, uitanitse za miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, zisanafe. Upalane ubwenzi wa ntchito ndi a ku stores ndi a ofesi yogula, chifukwa iwowo ndi amene amatulutsa malole ako pageti kuposa sipanala yako.

Ukadzafika poti akufunsa maganizo pogula malole atsopano, udzakumbukire chikomekome cha mkuyu. Lole yonyezimira, yotchipa, yokhala ndi kompyuta imene palibe makaniko mu Harare angaiwerenge, ndi vuto la zaka khumi. Funso loyamba likhale lakuti masipeya ake amagulitsa ndani muno, ku Msasa, ku Southerton kapena ku Workington, ndipo ali nawo pashelefu kapena amachita kuitanitsa. Mitundu isanu ndi iwiri ya malole pa depoti imodzi ndi mitundu isanu ndi iwiri ya mafyuluta. Ndipo si msewu uliwonse umafuna kompakita. M'tinjira tina ta ku Epworth kapena ku Hopley thalakitala yokoka ngolo imagwira ntchito imene lole yodula singaigwire, ndipo aliyense amatha kuikonza.

Tibwere ku dizilo, poti ndi amene akukuopsa. Anzakowo akunena zoona kuti anthu ambiri pa ntchitoyi agwa ndi dizilo, matayala ndi mabatire. Kawirikawiri sizimayamba ndi umbava waukulu. Zimayamba ndi malita asanu opatsa mnzako amene mkazi wake ali m'chipatala, kapena bwana wina wokuposa amene akuti thira m'galimoto yanga tidzakonza mapepala mawa. Kumalo ena kumene ndinagwirako, mnyamata wina wabwinobwino anachotsedwa ntchito chifukwa chosayinira malita amene sanawaone ndi maso. Amene anamwa dizilo uja anatsala pantchito. Lamulo langa linali limodzi ndipo silinandigwetsepo: chimene sindinachione sindisayina, ndipo lamulo lapakamwa lochokera kumwamba ndinkapempha mwaulemu kuti lilembedwe. Wofuna zoipa salemba. Adzakuda masabata awiri, kenako adzafuna njira ina yosadzera pa iwe.

Ndipo mbava ya dizilo sigwidwa ndi kubisalira kuseri kwa mpanda. Imagwidwa ndi masamu a sitandade faifi. Lole iliyonse ikhale ndi tsamba lake: malita othiridwa, makilomita, maola, matani otayidwa. Malole awiri ofanana, njira zofanana, ina ikumwa kwambiri kuposa inzake mwezi wonse, ndiye kuti pali ma injector odwala kapena pali chigubu. Zonse ziwiri ndi ntchito yako. Tracker, kachipangizo kosonyeza kumene lole ili, imathandiza, makamaka poona lole imene yapatuka kukanyamula zinyalala za munthu wolipira mwamseri, kapena mchenga wa pa ganyu, koma tracker yopanda woiwerenga ndi chokongoletsera chabe. Tayala lililonse lidindidwe nambala, ndipo lakale libwezedwe ku stores lisanatuluke latsopano. Batire chimodzimodzi.

Wati za mu ofesi suzidziwa. Zimene ndatchulazi ndiyo ofesi yonse. Job card (pepala lolembapo ntchito iliyonse yokonza lole), buku la mafuta, ndandanda ya sevisi, masiku othera a laisensi ya pamsewu ya ZINARA, inshuwalansi, ndi satifiketi ya oyeza magalimoto a VID ya lole iliyonse. Ukaphunzira Excel mpaka kutha kuwonkhetsa ndi kusanja, wadutsa theka la ulendo. Theka linalo ndi kulemba lipoti la tsamba limodzi limene munthu wosadziwa injini angalimve: malole alipo angati, akuyenda angati, oima aima chifukwa chiyani, pakufunika ndalama zingati kuti adzuke. Makhansala ndi akuluakulu a zachuma samva za ma seal. Amamva ukawauza kuti madola akutiakuti adzutsa malole anayi ndipo madera akutiakuti ayamba kutoleredwa sabata iliyonse.

Pa mapepala, Class 1 yako ndi maziko olimba, usaipeputse. Madalaivala ndi amakaniko sanganamize munthu amene anagonapo pansi pa lole, ndipo woyang'anira wochokera ku ofesi yekhayekha amanamizidwa tsiku lililonse. Chimene chikusowa ndi cha pamwamba pake. Ukafunse ku Harare Polytechnic za maphunziro a HEXCO, bungwe la mayeso a m'makoleji, National Certificate kenako National Diploma, kaya ya uinjiniya wa magalimoto kaya ya transport ndi logistics, ndipo ufunsenso ngati pali makalasi oti n'kuphunzira uku ukugwira ntchito. Mapepala a bungwe la CILT nawo amadziwika pa ntchito zoyang'anira zamtengatenga. Digiri idzafunika ukadzafuna mpando waukulu, koma usayembekezere digiri kuti ulowe. Laisensi ya malole, ija tinazolowera kuitcha Class 2, ukhale nayo, pamodzi ndi satifiketi ya defensive driving ya Traffic Safety Council, chifukwa woyang'anira wosatha kuyesa lole yekha pamsewu amadalira mawu a ena. Ukapeza kosi yaifupi ya hayidiroliki ndi magetsi a galimoto, lipira ngakhale ndi ndalama ya m'thumba mwako. Pa kompakita, injini sivuta kawirikawiri. Chimavuta ndi chakumbuyoko.

Pali pepala lina limene ife a kuno timaliiwala mpaka tsiku la intavyu. Yang'ana chitupa chako. Ngati chikadali ndi chilembo chija cha alien, chosonyeza kuti sindiwe nzika, chimene ambiri a ife tinatengera kwa makolo, pita ku ofesi ya kalembera, ku Makombe kapena ya m'dera lanu, ukakonze usanapereke kalata. Malamulo a dziko a 2013 amazindikira ngati nzika munthu amene anabadwira muno asanakhazikitsidwe, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, bola ankakhala muno panthawiyo. Akakuzunguza, pita kwa maloya othandiza anthu pa nkhani za unzika, usangobwerera kunyumba n'kukhala.

Za olemba ntchito, zinthu zasintha pa zaka zochepa zapitazi. Kale ntchito yonseyi inali ya khonsolo. Mu 2022 dzala la ku Pomona linaperekedwa kwa kampani ya Geo Pomona pa mgwirizano wa zaka 30, nkhani imene inabutsa mkangano waukulu, ndipo mu 2025 kampaniyo inayambanso kutolera zinyalala m'madera a mzindawu. Palinso makhonsolo a Chitungwiza, Ruwa, Norton ndi Epworth, komanso makampani ang'onoang'ono otolera m'mafakitale ndi m'mayadi. Ndiye uwerenge bwino kuti wokulemba ntchito ndi ndani kwenikweni, chifukwa dzina la pa chitseko cha lole nthawi zina si dzina la pa payslip. Khonsolo imakhala ndi magiredi, penshoni ndi bungwe la ogwira ntchito, ndipo kuchotsedwa n'kovutirapo, koma makhonsolo ena m'dziko muno akhalapo miyezi osalipira. Kampani imagula sipeya msanga, koma kontirakiti ingakhale ya chaka chimodzi. Usanasiye galaja, kacheze ndi amakaniko a pamalopo nthawi ya nkhomaliro, osati mabwana, uwafunse kuti malipiro omaliza analandira liti ndiponso mu ndalama iti. Kalata ya ntchito ikabwera, uipereke kwa munthu wodziwa malamulo a ntchito, wa yuniyoni kapena labour officer, aiwerenge usanasayine. Ndipo ukalowa, maganyu a Loweruka uwasamale: kukonza galimoto za anthu amene amagulitsa masipeya ku depoti yako ndi njira yachidule yopita ku hearing, mlandu wa pantchito. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsogolo lilipo, ndipo silithera ku zinyalala. Munthu amene wasunga makompakita akuyenda m'misewu ya Harare, migodi imamufuna, makampani omanga misewu amamufuna, a mabasi ndi a mashuga ku Chiredzi chimodzimodzi. Anyamata awiri amene ndinawaphunzitsa job card ali ku migodi tsopano, amandiimbira pa Khirisimasi.

Chimene sindikufuna uchitenge mopepuka ndi thupi lako ndi la anyamata amene adzakhale pansi pako. Chitseko chakumbuyo cha kompakita chikakwezedwa, munthu asalowe pansi pake popanda chitsulo chochirikiza, ngakhale kwa mphindi imodzi, chifukwa paipi ikaphulika chimagwa osachenjeza. Wolowa m'bodi atenge kiyi wa lole m'thumba mwake. Paipi ya hayidiroliki yodontha isafufuzidwe ndi dzanja: oyilo wopanikizika amaboola khungu ngati jakisoni, bala limaoneka ngati kaminga, koma mkati chala chikufa. Zikachitika, munthuyo apite ku chipatala chachikulu ola lomwelo, ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, ndipo akanene momveka kuti ndi oyilo wa hayidiroliki walowa m'thupi, asangomangidwa bandeji. M'zinyalala mumakhala majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito ndi mabotolo osweka, choncho ukafunse ku kiliniki za katemera wa kafumbata ndi wa hepatitis B usanayambe, ndipo wobayidwa ndi singano apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Ngozi iliyonse ilembedwe ndi kuperekedwa ku NSSA, bungwe loona za ovulala pantchito, ngakhale wovulalayo anene kuti palibe kanthu. Chifuwa chosatha kwa amene amagwira kudzala, kukayezetsa.

Kalata yofunsira ntchitoyo lemba sabata ino. Pokonzekera intavyu, tenga galimoto zisanu zimene zimabwerabwera pa galaja panu, ulembe pa tsamba limodzi kuti iliyonse inabwera kangati chaka chino, inafa chiyani, inaima masiku angati, inadya ndalama zingati. Upite nalo tsambalo. Ambiri adzabwera ndi masatifiketi okha. Ndipo tsiku lina m'mawa, cha m'ma 5 koloko, ukaime panja pa geti la depotiyo uwerenge malole otuluka, kenako usuzumire pa mpanda uwerenge otsala. Ukadzandilemberanso, undiuze manambala awiriwo, ndi zimene mayi anena.